Chombo cha Utomoni

Ntchito yanga inali ya matabwa. Zitseko, mipando, mabokosi a maliro. Sukulu sindinapite nayo patali, koma palibe chitseko changa chimene chinapotokapo. Timabwato ndi tizombo tating'ono ndinkapanga Loweruka masana, kuti manja asaiwale ntchito yosalala. Sindinkapangira aliyense.

Chaka chimene masitolo a amwenye anatsekedwa kuno, kunabwera mayi wina wa kugombe, wofunda mpango kumutu. Anagwada pakhomo pa shedi yanga. Anati bambo ake anali oyendetsa chombo cha thanga, chija chinkawolotsa mchere ndi nsalu kutsidya kwa nyanja. Chombocho chinawolera pamchenga kalekale, ndipo nthiti zake anthu anasonkhera moto. Tsopano bambowo maso anali atafa, miyendo itakana. Ankafuna chinthu chimodzi: kuchigwiranso chombo chawo ndi manja asanamwalire. Mayiyo anandipempha kuti ndiwapangire chaching'ono chofanana nacho.

Ndinapita. Ndinawapeza pakhonde, pamphasa, atavala kofia yoyera. Thupi linali litatha, pakamwa ayi.

"Amisiri, chombo mumachidziwa, kapena mumangodziwa mabokosi a akufa?"

"Zonse zimanyamula munthu, bambo."

"Koma china chimabwerako."

Anandigwira dzanja nkumajambula ndi chala m'chikhatho changa. Mphuno ya chombo inkakwera chonchi. Mlongoti unkapendekera kutsogolo, osati kuima chilili ngati mtengo wa mbendera. Thabwa lachitatu kumanzere linali lachigamba, pamene anagunda mwala. Ndinamvetsera. Sindinafunse kawiri.

Ndinasema matabwa a mbawa, opyapyala ngati tsamba la nthochi. Thabwa lotere silifuna msomali, limang'aluka. Limafuna guluu. Guluu wa matabwa amene ndinkamudziwa ndi kumukhulupirira anali wa chikopa. Ndinkagula zidutswa za zikopa ndi ziboda kwa munthu wina wofufuta zikopa ku Khombedza, nkuziviika, nkuziphika pamoto wochepa mpaka madzi ake atalimba ngati uchi. Guluu ameneyo akagwira, thabwa limathyoka pena, osati polumikiza. Chombo chinatuluka chotalika ngati mkono wanga. Chinali chabwino. Ndikunena ine amene ndinachipanga.

Ndinachikulunga m'nsalu nkupita nacho. Mayi uja anachilandira ndi manja awiri, nachifikitsa pafupi ndi bambo ake. Iwo anatambasula manja, kenaka anaima. Mphuno zawo zinagwedera.

"Chikununkha nyama."

"Ndi guluu, bambo. Fungo limatha."

"Guluu wa chiyani?"

"Wa chikopa."

"Chikopa cha nyama yanji? Anazinga ndani?"

Wofufuta uja ankalandira chikopa chilichonse: cha ng'ombe, cha mbuzi yofa yokha, mwinanso cha nguluwe. Ine ndine wa kutchalitchi, wa kumtunda. Mphika wanga wa guluu sunafunsepo kuti nyama inafa bwanji.

Anabweza manja awo pachifuwa. "Manja awa ndimaswali nawo, amisiri. Kwatsala pang'ono kuti ndikaonekere kwa Mulungu. Sindigona ndi haramu pamphasa."

"Simudya ayi. Mungogwira."

"Inu mumagwira mtembo tsiku lililonse, mwazolowera."

Ndinawauza mosabisa. Guluu wa chikopa angakhale zaka zambiri. China chilichonse chimene ndingapeze sichingapirire kutentha kwa chilimwe. Iwo anaseka pang'ono.

"Nanga ine ndipirira?"

Ndinanyamula chombo changa nkubwerera. Mayi uja ananditsatira mpaka pamsewu, akupepesa. Ndinamuuza kuti asiye. Panalibe wolakwa woti nkumupepesera.

Ndinapita kuboma kukafuna guluu woyera wa m'botolo. Pachipata cha msika anyamata achipani anafuna khadi la chipani, ndinawaonetsa. Mkatimo munalibe kanthu. Masitolo amene ankagulitsa zinthu zotere anali ndi maloko. Ndinangopeza solushoni womatira machubu a njinga, ndipo ameneyo pathabwa amasupuka ngati khungu la njoka.

Ndinayesa za kwathu. Ulimbo umagwira mbalame koma suuma. Phala la chinangwa limauma, koma mphemvu zimalinyambita mpaka litatha. Utomoni wa nkhadze umawotcha khungu, sungaupereke kwa munthu amene amaona ndi zala. Potsiriza dalaivala wina wa lole yonyamula matabwa anandibweretsera utomoni wa paini wochokera kumapiri a Dedza, wodzaza chitini, wosakanikirana ndi makungwa ndi nyerere zakufa.

Utomoni uli ndi mwambo wake. Umausungunula pamakala, osati palawi, chifukwa ukapsa mtima umayaka. Umausefa pansalu. Pawokha ukauma umasweka ngati galasi, choncho umathiramo phula la njuchi pang'ono ndi makala osinja. Phula likachuluka sugwira. Likachepa umang'aluka. Palibe sikelo yoyezera zimenezi. Umadontheza pamwala wozizira, nkuluma ndi mano.

Chombo choyamba sindikanachigwiritsanso ntchito. Guluu anali atalowa m'thabwa. Ndinayambiranso, ndi mbawa yatsopano, mphika watsopano, ngakhale kamtengo kopakira kanali katsopano. Munthu wosaona sanganditsutse, koma ine sindinamiza munthu pantchito.

Tinthu tating'ono, nangula ndi timagudumu ta zingwe, ndinatiumba ndi utomoni womwewo m'zikombole za dothi. Chikombole umachipaka mafuta kuti kanthu katuluke, ndipo mafutawo ndi mdani wa guluu. Kalikonse ndinkakatsuka ndi phulusa, kukapala m'mbali ndi mpeni, kukakwecha pamchenga wosalala kuti pomata pakhale pokhakhala. Pomata umafunditsa thabwa kaye. Utomoni ukagwera pathabwa lozizira umauma usanalowe. Zala zanga zinatuluka matuza. Masiku ankapita, ndipo mayi uja akadutsa panjira ndinkayang'ana kaye nkhope yake, kuti ndione ngati bambo ake akadali moyo.

Nditapita nacho chachiwiri, ananunkhiza nthawi yaitali.

"Mtengo wokhawokha," anatero.

"Mtengo ndi njuchi."

"Njuchi zilibe mlandu."

Anati bisimila, nkuchilandira. Zala zawo zinayenda kuchokera kumphuno mpaka kuchiwongolero. Zinatsika kumanzere, kuwerenga matabwa, nkuima pachigamba. Kenaka anati mlongoti ndaupendeketsa kwambiri. Sindinaupendeketse kwambiri, koma sindinatsutse.

Inali nyengo ya mwera, yozizira. Chombo chinkagona pambali pawo, masana chili pamiyendo. Anthu ankati ayambanso kudya. Aliyense ankayembekeza kuti apita mwera usanathe. Sanapite.

Chilimwe chinafika. Nyumba yawo inali ya malata, yopanda siling'i, ndipo kutentha kwa kuno mukukudziwa. Ndinauza mayi uja kuti masana azichiika pansi pafupi ndi mtsuko. Bambowo anakana kuchisiya. Manja awonso ankatentha ndi malungo. Nangula anayamba kupindika. Kenaka thabwa la pamwamba linatseguka.

Anandiitana, ndinakamata. Anandiitananso, ndinakamatanso. Ulendo wina ndinapeza matabwa ambiri ali m'mbale, mayi uja atawatola pamphasa. Mbawa inali itamwa phula mpaka kuterera. Ndinayesa pomwepo pakhonde, ndi mbaula. Thabwa lililonse linkagwira pang'ono nkutsetsereka.

"Amisiri, mwalephera?"

"Utomoni walephera. Ndinakuuzani."

"Munandiuza." Anapuma movutikira. "Wolakwa ndine. Ndachedwa kufa."

Ndinati choyamba chija chikadalipo kushedi, chathunthu, fungo linatha kale. Ndikanatha kuchibweretsa tsiku lomwelo. Mayi uja anandiyang'ana, nayang'ana bambo ake. Ankafuna kuti avomere.

Iwo anapukusa mutu. "Ndipatseni chatsalacho."

Chotsala chinali msana wa chombo ndi nthiti zingapo, zimene ndinazikhoma ndi tizikhomo ta nsungwi. Ndinachiika m'manja mwawo. Anakhala nacho chomwecho mpaka mvula yoyamba, pamene anamwalira. Bokosi sanandifunse. Anthu a kumzikiti saika munthu m'bokosi.