Kochi Amene Anakumbitsa Timu Mbatatesi

Tisanamizane, Rodion Savelyevich Chupin sanali katswiri wa mpira. Ndikunena ine amene ndinkagulitsa matikiti pageti la bwalo lathu, ndipo ndinamuona kuyambira ali kamnyamata kothamanga pa madzi oundana kuseri kwa fakitale yathu ya misomali, katavala nsapato za mkulu wake. Chimene anali nacho ndi khama. Anali wotchinga kumbuyo wouma mutu, woti ukamudutsa amakulondola mpaka utatopa wekha. Timu ina ya ku Sverdlovsk inamutenga, nasewera kumeneko mpaka bondo linaphwanyika. Anabwerera kwathu akutsimphina, mkazi wake Klavdiya atamunyamulira sutikesi, ndipo akuluakulu a fakitale anamupatsa timu yawo kuti akhale kochi.

Zinayenda bwino mpaka boma la Soviet litagwa. Fakitale inayamba kupumira m'mwamba, ndipo tonse tinkadalira timinda ta mbatatesi kunja kwa tauni. Wosakumba zake mu Seputembala chisanu chisanagwe ankadziwa kuti nyengo yozizira ana ake azigona ndi njala.

Chaka chimenecho timu inali kumchira kwa ligi ya chigawo. Mkulu wa fakitale sanapite m'mbali. "Rodion Savelyevich, mukagonja masewera omalizawa, timu yatha. Pabwalopo ndiunjikapo zitsulo zakale." Koma kokonzekera kunkabwera anyamata ochepa chabe, ena onse ali kuminda.

Rodion anawatsatira komweko, napeza goloboyi wake Fima ali chiweramire.

"Iwe Fima, golo lako linasamukira kuno?"

"Pepani a Rodion Savelyevich, mayi akudwala msana. Ndikamakadumphadumpha uko, mu Januwale tidzaphika mpirawo?"

Rodion anayang'ana mizere yosakumbidwayo. "Uwauze anzako onse, mawa abwere ndi mafosholo."

Basi zokonzekera zinasamukira kumunda. M'mawa timu yonse inkagwera munda umodzi, masana wina, madzulo n'kumenya mpira padothi lokumbidwalo. Amayi a anyamatawo ankabwera ndi mapoto a supu wa kabichi, ndipo ngakhale ine ndinkanyamula zidebe. Sindinaonepo timuyo ikuseka chotero.

Klavdiya yekha ndiye sizinamusangalatse, mpaka anamukalipira mwamuna wakeyo. "Iwe Rodya, unakwatira ine kapena anyamata ako osusukawa? Munda wathu akumba ndani?"

"Mtima m'malo, Klava, wathu tikumba pomaliza."

"Ee, pomaliza ndiye pamalo pako, iwe ndi timu yako yomwe."

Pofika Lachisanu minda yonse inali itakumbidwa, ndi wa Klavdiya womwe. Amene anagwira ntchito kuposa onse ndi Fima. Timu inayambira kumunda wa mayi ake, ndiye iye ankachita manyazi kupumula pa minda ya anzake.

Loweruka, tsiku la masewera omalizawo, bwalo linadzaza mpaka matikiti anandithera. Anyamata anasewera ngati amisala, ndipo panalibe wochinya mnzake. Kwa ife kufanana mphamvu kunali kokwanira. Kutatsala pang'ono kuti oyimbira athetse masewera, wina wa timu yachilendo anamenya mpira patali, wofooka, woti ngakhale ine ndikanaugwira. Fima anaugwira ndi manja awiri, koma unapulumuka n'kugubudukira muukonde pang'onopang'ono. Mtima wanga unasweka. Anthu omwe aja amene mbatatesi za ana awo zinali zitalowa m'nyumba anayamba kukuwa kuti Fima wagulitsa masewera.

Ndinalowa m'chipinda chosinthira ndi ketulo ya tiyi, monga mwa nthawi zonse. Fima anali atakhala pakona osavula chilichonse.

"Vula magolovesiwo," anatero Rodion.

Sanavuke. Anamatirira, mpaka anachita kuwadula ndi lumo. M'manja monse munali matuza ophulika a fosholo, nyama ili pamtunda.

"Mwana iwe, bwanji sunandiuze?"

"Mukanandichotsa kumunda, a Rodion Savelyevich. Anzangawa anakumba wa mayi anga."

Rodion anamumanga yekha nsanza zoyera, kenako anatuluka panja pamene gulu linkadikira goloboyiyo. Ndinamumva ndili pakhomo.

"Mnyamatayo musamukhudze! Manja ogwirira mpira ndinawapatsa fosholo ndine. Amene akufuna kutukwana, ndili pano."

Anamutukwanadi, anthu opanda manyazi, ena mpaka kumulavulira pajekete. Iye anangoima chilili, kutsamira mwendo wabwinowo, mpaka Fima atatulukira khomo lakuseri n'kufika kwawo.

Sanaphunzitsenso timu ina iliyonse, ngakhale ya ana asukulu. Lolemba lake malole a zitsulo zakale anafika pabwalo, madalaivala akuliza hutala. Makiyi a geti lalikulu anali ndi Rodion, ndiye anabwera akutsimphina n'kuwatsegulira yekha.