Nsomba Yobisa Ana M'kamwa

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinawachita chinyengo amayi anga pamaso pawo, m'chilankhulo chimene sankachimva.

Kwathu ndi cha ku Nkando. Amayi anali ndi madamu awiri kudambo, momwe ankawetamo makumba. M'mawa uliwonse ankatsika ndi chidebe cha madeya, n'kubwerako miyendo ili matope okhaokha. Kusukulu anzanga ankati buku langa limanunkha nsomba. Ndinkaseka nawo, koma mumtima zinkandiwawa, ndipo ndinayamba kuchita manyazi ndi ntchito imene inkandidyetsa.

Abambo ankagwira ntchito yosamalira maluwa ku Durban. Tchuthi china anatiitana, ine ndi amayi, tikaone kumene amakhala. Loweruka anavala jekete lawo la kutchalitchi n'kunena kuti atitengera kunyumba ya nsomba, m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Tili pachipata anatembenuka.

"Amake Esinati, muno si pamsika wa Nkando ayi. Tingoona ndi maso basi."

Amayi anangomanga bwino duku lawo.

M'katimo munali kozizira, kuwala kwake kobiriwira, ndipo nsomba zinali kuseri kwa magalasi aatali kuposa khoma la tchalitchi. Chinsomba china chotchedwa shaki chinadutsa pafupi ndi nkhope zathu, ine n'kugwira chitenje cha amayi. Iwo anachiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumchira.

"Iyi ndiye ndiwo ya mudzi wonse, ndi alendo omwe," anatero mokweza. Abambo anatsokomola. Ine ndinasuntha pang'ono kuti anthu asadziwe kuti tili limodzi.

Chakumapeto tinapeza thanki laling'ono lolembedwa dzina la dziko lathu. Munali tinsomba tachikasu ndi tabuluu tochokera kunyanja ya kwathu. Amayi ananjuta pamenepo, chipumi pafupi ndi galasi, ndipo anakhala nthawi yaitali.

"Mukuiona iyo yabisala kuseri kwa mwala?" anatifunsa. "Ili ndi ana m'kamwa. Taonani kukhosiko momwe kwafufumira. Ndiye yaimunayo ikuithamangitsa osaipatsa mpata. Ikatopa iwalavula, ndipo zinzakezi ziwatola onse ngati nkhuku pampunga. Auzeni eni ake aichotse."

Pafupi panali mtsikana wogwira ntchito pamalopo, akuthira chakudya m'thanki lina. Abambo anayang'ana kumbali.

"Anthu awa anapita kusukulu ya nsomba. Inu muwaphunzitsa chiyani?"

Ndiye amayi anatembenukira kwa ine, mwana wawo wa Sitandade 7, amene ankamutama mudzi wonse kuti Chizungu amachita kumwa. Anamukodola mtsikana uja, nabwereza mawu awo onse, akuloza ndi chala. Anthu ena anaima n'kumationa. Ndinaona masilipasi a amayi, ndinaona zala zawo zong'aluka ndi madzi, mtima n'kundithawa. Ndinauza mtsikanayo m'Chizungu kuti amayi anga akuti nsombazi n'zokongola. Iye anamwetulira, n'kuthokoza, n'kumapita.

Amayi sanakalipe. Anandiyang'ana m'maso.

"Esinati, mawu anga anali aatali. Ako afupika bwanji?"

Ndinasowa poyang'ana.

"Ndinakutumiza kusukulu kuti ukhale pakamwa panga, osati chivindikiro. Anawo akafa, udziwe kuti iwe unali pomwepo."

Sindikudziwa kuti mphamvu ndinazitenga kuti. Ndinathamangira mtsikana uja n'kumugwira malaya. Chizungu changa chinaphotchoka, mawu ena ndinachita kusonyeza ndi manja, kufufumitsa masaya ngati wovumata madzi, koma ndinanena zonse. Anabwerera nane, nawunika kuseri kwa mwala ndi katochi, ndipo kumwetulira kuja kunatha. Anapita kukaitana mkulu wina wa imvi, wovala nsapato za jombo.

Mkuluyo anayang'anitsitsa, kenako anatenga kaukonde n'kuivuula nsombayo mosamala. Anatiuza kuti timutsatire kuchipinda cha kuseri, kumene alendo salowa. Atangoiika m'thanki la yokha, inayasamula, ndipo tiana tinatuluka balalabalala, tating'ono ngati njere za mpunga zokhala ndi maso. Pasanapite nthawi tianato tinabwerera m'kamwa mwa make.

Mkulu uja anagwira amayi chanza ndi manja awiri. Anafunsa kuti zimenezi anaziphunzira kuti. Amayi anati kudambo. Anafunsa zimene amadyetsa nsomba zawo, momwe amadziwira kuti madzi aipa, ndi momwe amasamutsira ana popanda kuwapha. Amayi anayankha mosafulumira, ngati akucheza ndi mlimi mnzawo pamsika, Chichewa chawo chosakanikira ndi Chilomwe, ine ndili pakati kunyamula mawu uku ndi uku. Ulendo uno sindinasiyeko ngakhale limodzi. Pena mkuluyo ankatulutsa kabuku n'kulemba. Abambo, amene anatiletsa kuyankhula aja, anasendera kufupi, nakonza jekete, n'kuuza mkuluyo m'Chizungu chawo cha m'maluwa kuti, "Amenewa ndi akazi anga."

Ndinanyada tsiku limenelo kuposa tsiku lililonse la ubwana wanga. Potuluka ndinawagwira dzanja amayi, ndipo ndinkafuna aliyense aone kuti ndine mwana wawo.

Lero ndine namwino pachipatala china kuno ku Mulanje. Kawirikawiri ndimaima pakati pa dokotala wochokera kunja ndi mayi wa kumudzi amene akufotokoza matenda a mwana wake, kuyambira tsiku limene anakana phala mpaka momwe amapumira akagona. Nkhani zake zimatalika, mzere panja ukukula, ndipo n'kosavuta kungoti, "Akuti mwana watentha thupi." Koma ndinadziwa kuti munthu amene wakhala akuyang'ana chinthu tsiku ndi tsiku amaona zimene wophunzira angaphonye. Choncho dokotala akandiuza kuti ndifupikitse, ndimamupempha adekhe, chifukwa mayiyu sanamalize.