Tsiku limene a Fanuwelo anatsika njinga

Fungo la guluu womatira machubu likangondiwomba, ngakhale ndili pakati pa tauni, mtima umathawira pakhonde la a Fanuwelo, kumudzi kwathu kuseri kwa Namitete, m'mawa wa nyengo yozizira, utsi wa zitsononkho ukukwawa pansi kuchokera kukhitchini kwa amayi, minsi ikugunda m'mitondo kutsidya, iwo atakhala pakampando ndi beseni la madzi pakati pa miyendo, akuzunguliza chubu pang'onopang'ono kufuna pamene patuluke thovu. Akapapeza ankapapala ndi kamwala, n'kupaka guluu, n'kumauzira ngati akupoza phala la mwana. Ine ndinkaima kuseri kwa nkhokwe yathu ndi tsache m'manja, pabwalo posasesa, kudikira kuti anyamuke ndikaitane anzanga tiwaseke.

A Fanuwelo anali mkamwini. Kwawo kunali ku Nambuma, ndipo kwathu anabwera kudzakwatira a Nangozo, asuweni a amayi anga. Asanakwatire anagwirako ntchito m'tauni, pamalo pokonzera njinga, ndipo kumeneko ndiko anatola matenda awo a mpikisano. Anabwera kuchikamwini ndi mphasa, khasu limodzi, ndi njinga imene sitinaionepo chibadwire: matayala owonda ngati chala, chiwongolero chopindikira pansi, yopanda kaliyala, yopanda belu. Kwathu njinga ndi ya ntchito. Imapita kuchigayo ndi thumba, imatengera wodwala kuchipatala, imakwezedwa mbuzi yomanga miyendo tsiku la msika. Iyi sinkanyamula kanthu koma mwini wake, ndipo poyamba mwini wakeyo ndiye ankainyamula, chifukwa njira yochokera kumudzi kukafika pa phula inali ya minga yokhayokha ndipo matayala ake sankapirira.

Choncho m'mawa uliwonse munthu wamkulu, wa ana atatu, ankatuluka atavala kakabudula kothina kogwira thupi, chisoti cholimba kumutu, njinga ili paphewa. Ife ana tinkawalondola mpaka kudambo tikuimba kuti njinga yakwera munthu, njinga yakwera munthu. Nyimboyo ndinaipeka ndine, ndisabise. Pakamwa panga panali pakuthwa kuyambira ndili wamng'ono, ndipo amayi ankati lilime langa lidzandidyetsa zowawa. A Fanuwelo sankakwiya. Ankangotembenuka n'kunena kuti, "Esinati, mawu uli nawo, koma pabwalo pa amako sipanasesedwe."

Analibe wowaphunzitsa, analibe wotchi, analibe anzawo othamanga nawo. Maphunziro awo anali maulendo. Pamudzi pakakhala uthenga wopita kutali, wa matenda kapena wa chinkhoswe, ankaupempha okha, ndipo m'malo modutsa njira yachidule ankazungulira kumene kuli phula, kuti miyendo idye mtunda. Kwathu n'kwa chidikha, kulibe chitunda choti munthu n'kutuluka nacho thukuta, ndiye kawiri kapena katatu pachaka ankapita mpaka ku Dedza kukafuna mapiri, atamangirira kumsana kachitenje ka mbatata yootcha ndi mtedza wokazinga, botolo la thobwa lili pachitsulo cha njinga, akugona m'makonde a matchalitchi, n'kubwerako patapita masiku anayi milomo itang'ambika, malaya atayera mchere kumsana, maso atalowa m'kati koma akuwala ngati munthu amene waona chinthu chimene enafe sitidzachiona. Tsiku lina ndinawafunsa chimene ankathamangitsa, popeza kutsogolo kwawo kunalibe mbava kapena gwape. Anati, "Ndimathamangitsa a Fanuwelo a dzulo. Tsiku lina ndimawapeza, tsiku lina amandisiya."

Koma munda suthamanga, umadikira pomwepo. Ndili mwana ndinkaona a Nangozo ngati mayi wolongolola. Lero ndine mayi ndipo ndimawamvetsa. Iwo ndiwo ankathirira nazale ya fodya okha, kupalira okha, kusoka fodya m'chigafa mpaka zala kuda bii ndi utomoni, mwana ali kumbuyo, mwamuna ali ku Dedza kukwera mapiri a eni ake. Chaka china mtedza unamera m'nthaka chifukwa chochedwa kukumba. Pamenepo a Lobeni, mlongo wa a Nangozo, mwini mbumba, anaitanitsa alamu awowo pansi pa mtengo wa mango umene unali pakati pa nyumba zathu ziwiri. Ine ndinali m'mwamba mwa mtengowo kale, ndipo sindinatsike.

"Alamu," anatero a Lobeni, "mapanga awiri avumbwitsa. Ife tinalandira mkamwini wa khasu. Kodi njingayi ana adya?"

A Fanuwelo anafotokoza, chisoti chili pabondo, kuti mwezi wotsatira kunali mpikisano waukulu wochokera m'tauni, wodutsa pa Namitete, kukatembenukira cha kutsogolo panjira ya ku Mchinji n'kubwerera. Atatu oyamba adzatengedwa kukhala m'gulu loyendayenda m'mipikisano, ngakhale ya kunja kwa dziko, ndipo adzapatsidwa njinga zatsopano ndi kangachepe kothandiza pakhomo. Anati zaka zawo zapita, ndipo mwayi wina sudzabweranso.

"Mundilole kamodzi kokhaka, alamu. Ndikalephera, njingayi muchite nayo chimene mufuna."

"Mwanena nokha, eti?"

"Ndanena ndekha."

A Nangozo anali chapafupi pomwepo. Anangopitiriza kusenda chinangwa, maso ali pampeni.

Mwezi umenewo a Fanuwelo anauma ngati nkhuni. Ankapita ku Mchinji n'kubwerako dzuwa lisanafike pamutu, kenako n'kulowa m'munda kukakolola chimanga kuti pakamwa pa anthu patsekeke. Tsiku la mpikisano lisanafike anapalasa kupita m'tauni, n'kukagona kwa mnzawo wakale.

M'mawa wake theka la mudzi linali m'mbali mwa msewu pa Namitete, pakati pa ogulitsa zitumbuwa ndi maminibasi oitanira anthu. Ambiri tinapita kukaseka, tisanamizane. Kenako inabwera galimoto ya okonza mpikisano ikuliza hutala, ndipo kumbuyo kwake gulu la njinga, anyamata a m'tauni a zovala zowala, matcheni akulira ngati njuchi. Pakati pawo, wachitatu kapena wachinayi, panali mkamwini wa kwathu, malaya ake ofwifwa aja, mutu uli pansi, miyendo ikuzungulira mosavutika ngati sakhudza kanthu. Sindinadziwe kuti munthu amene ndinkamuimba nyimbo tsiku ndi tsiku angaoneke chotero. A Nangozo, amene anati angodzagula mchere, anali ataluma nsonga ya chitenje chawo.

Tinadikira kuti abwerere. Munthu wina wa njinga yamoto wochokera kumene anatembenukira anaima n'kutiuza kuti wa malaya ofwifwa wawasiya onse, ali yekha kutsogolo, anzake sakumuonanso. A Lobeni omwewo anaseka mpaka kuoneka mano a m'kati, n'kumauza anthu osawadziwa kuti ndi alamu awo. Galimoto ija inatulukira. Kumbuyo kwake kunali gulu la anyamata a zovala zowala. Tinayang'ana mmodzimmodzi, kenako otsalira, kenako wotsiriza amene ankapalasa ngati akupita kuchigayo. A Fanuwelo panalibe.

Zimene zinachitika tinazimva madzulo, ndipo pambuyo pake iwo eni anazifotokozera bambo anga. Pamudzi wina wa m'mbali mwa msewu panagwa maliro. Popita panalibe chizindikiro, chifukwa thupi linafika kuchokera kuchipatala othamangawo atadutsa kale. Pobwerera anapeza masamba aikidwa pamsewu, uku ndi uko, monga timachitira. Mwana aliyense wa kwathu amadziwa: ukaona masamba umatsika njinga, umavula chipewa, umayenda pansi mpaka utadutsa masamba achiwiri. Galimoto ya okonza mpikisano inangochepetsa liwiro n'kudutsa. A Fanuwelo, ali okha kutsogolo, anagwira mabuleki. A m'galimoto anawakuwira kuti akwere, kuti uwu ndi mpikisano, koma iwo anali atavula kale chisoti, akukankha njinga, azimayi akulira m'nyumba ya pafupi ndi msewu. Anauza bambo anga kuti sanaganize n'komwe. Miyendo inatsika yokha.

Asanafike pakati pa masambawo, gulu lija linafika n'kudutsa osachepetsa, likuponda masamba. Azimayi amene ankaoloka msewu ndi ndowa za madzi a pamaliro anabalalika, wina n'kugwa, ndowa n'kugubuduka. Adzukulu, anyamata okumba manda amene amasunganso mwambo pasiwa, anathamangira kumsewu atalusa. Othamangawo anali atapita kale. Amene anatsala, woti n'kumugwira ndi manja, anali mmodzi yekha, woyenda pansi, wovala kakabudula kothina pamaso pa anamfedwa.

"Koma ine ndatsika, achimwene," anatero a Fanuwelo.

"Mwatsika, inde. Ndiye muyankhira anzanuwo."

Anagwada pa phula. Anapempha kuti awalole akamalize, adzabwera okha madzulo kudzamva mlandu, anatchula mudzi wathu ndi dzina la a Lobeni. Adzukulu anawalanda njinga, wina anawaponyera chitenje kuti abise thupi, n'kuwakhazika pakati pa azibambo mpaka dzuwa kupendeka. Okonza mpikisano sanabwerere kudzawafuna. Anali ndi opambana awo oti akawajambule. Mlanduwo unatha ndi mbuzi, ndipo mbuziyo inatuluka m'khola la a Nangozo.

Ndimayesa kukumbukira munthu mmodzi yekha amene anawauza kuti anachita bwino, ndipo sindimupeza. Amene ankawanena kuti njinga yawachotsa ulemu ndi omwewo amene tsopano ankati ndi chitsiru, munthu ungatsike bwanji uli kutsogolo. Akanadutsa, omwewonso akanati mkamwini wa kwa Nangozo waponda maliro. Pansi pa mango paja a Fanuwelo anayesa kamodzi kokha.

"Sindinagonje, alamu. Sindinamalize chabe."

"Munanena nokha," anatero a Lobeni.

Njinga sanaigulitse, chifukwa kumudzi kunalibe woifuna. A Lobeni analamula kuti ipite kwa wowotcherera zitsulo akaiike kaliyala, izigwira ntchito ngati njinga zinzake. A Fanuwelo anaiperekeza okha, n'kuimirira pomwepo moto ukuthetheka pachitsulo chimene ankachipukuta ndi malaya awo. Ulendo woyamba wa kuchigayo, thumba la chimanga lili kumbuyo, tayala linapindika asanafike n'kudambo komwe. Ndinawaona akubwerera, thumba pamutu, njinga akuikoka ndi dzanja limodzi. Anzanga anayamba nyimbo ija, ndipo ine ndinamenya mmodzi wa iwo pakamwa mpaka kutuluka magazi, koma zimenezo sizinathandize aliyense.

Anakhala mkamwini wa khasu monga anthu ankafunira. Ankalima kuyambira m'mawa mpaka madzulo osayankhula ndi munthu, ndipo fodya wa chaka chimenecho anali wabwino. Kenako anayamba kachasu. Munthu amene sankalawa ngakhale masese ankagona m'mizere, ana ake n'kumakamudzutsa. Patapita zaka zitatu banja linatha, ndipo anabwerera kwawo ku Nambuma wapansi, mphasa ili kukhwapa. Mafupa a njinga ija anatsala padenga la khola, nkhuku zikugonapo.

Ndinadzawaonanso kamodzi, ndili kale pabanja, nditapita kukazonda wodwala kuchipatala cha ku Kabudula. Anali pabenchi panja, atatsamira ndodo, miyendo itatupa mpaka nsapato kukana. Anandizindikira iwo poyamba.

"Esinati wa pakamwa uja, eti?"

Ndinagwada n'kuwapatsa moni, ndipo tinafunsana za amoyo ndi akufa. Ndinali ndi zambiri zoti ndinene, koma lilime langa lotchukalo linasankha funso limene silinayenere kufunsidwa. Ndinati, "Kodi bambo, tsiku lija litabwereranso, mungatsike?"

Anayang'ana mapazi awo.

"Usiku ndi usana ndimadutsapo pamalo paja, mwanawe. Ndimadziuza kuti lero ndiponda masamba, ndani andigwire. Ndikafika pomwepo ndimatsika." Anapukuta m'maso ndi chikhatho. "N'chimene chimandipweteka. Sindingathe n'kulota komwe nditapambana."

Anamwalira chaka chomwecho, ndipo uthenga unandipeza ataikidwa kale.

Lero ndili ndi ana awiri aamuna, ndipo onse ali ndi njinga. Tikapita kumudzi n'kupeza masamba pamsewu, ndimawauza kuti atsike, avule zipewa, ayende pansi, ndipo amamvera. Wamng'ono anandifunsa tsiku lina kuti munthu akatsika amapindula chiyani. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuyankhe monga amayankhira makolo, kuti ulemu umabweza zabwino, koma mawuwo anakana kutuluka. Ndinangomuuza kuti akankhe njinga, tikuchedwa.