Sipanala ya a Fosholo

Ndimasesa kumalo osungirako sitima zakale. Ntchitoyi ndinaipeza chaka chimene amuna anga anatisiya. M'shedi muli mitu ya sitima inayi, yakuda bii, yoyendera malasha, ndipo palibe ngakhale umodzi umene udzayendenso.

Lachitatu lililonse kunkabwera bambo wina wachikulire amene mlonda wathu anawatcha a Fosholo, chifukwa anathira malasha m'ng'anjo za sitima zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Udalaivala sanaulawe. Nthawi yawo itangoyandikira kunabwera sitima za dizilo, ndipo anawauza kuti akapume. Dzanja lawo lamanzere linali ndi zipsera mpaka m'chigongono. Ankagula tikiti ngati aliyense, n'kukwera m'chipinda cha dalaivala cha mutu wachiwiri, umene anamalizirapo ntchito, n'kukhala momwemo mpaka masana. Ana a sukulu akabwera ankawauza kuti sitima ya malasha imapuma ngati munthu, ndipo ikamakwera chitunda umaimva ikudandaula.

Chimene sindinkachikonda ndi chikwama chawo. Akachiika pansi munkalira zitsulo.

Kenako chogwirira cha mkuwa chinasowa pa mutu woyamba. Patapita milungu iwiri panasowanso kawotchi koyezera mphamvu ya nthunzi. Abwana anatiitana ine ndi mlonda.

"Mkuwa ulibe miyendo," anatero abwana. "Amakhalitsa m'shedi ndani?"

"A Fosholo," anayankha mlonda. "Munthu wanji woonera chitsulo chomwechomwecho mlungu ndi mlungu? Ngakhale mkazi wako sungamuyang'ane choncho."

Abwana anatembenukira kwa ine. "Mayi, inu mumasesa momwemo. Lachitatu muwayang'anitsitse. Mukaona kanthu, pano asadzapondenso."

Umboni wonama ndimauopa, koma kubisa wakuba ndimakuopanso. Ndinakumbukira kuti bambowo amadziwa bawuti iliyonse m'shedimo. Ndinakumbukiranso kuti masiku omwewo anayamba kuvala nsapato zatsopano. Ndinapemphera, koma nsapatozo sizinachoke m'mutu mwanga.

Lachitatu ndinasesa malo amodzi katatu. Iwo atakwera, ndinazungulira kuseri kwa mawilo n'kuima phee. Posakhalitsa ndinamva chitsulo chikuluma chinzake. Ndinakwera masitepe tsache lili m'manja, ndipo ndinawapeza atagwada, sipanala ili pa kampopi ka mkuwa.

"Bambo, mukutani?"

Sanadzidzimuke. "Mwabwera bwino, mayi. Tandigwirirani apa."

"Sindigwira. Chogwirira chija chili kuti? Nanga kawotchi?"

"Zili kwawo."

"Kwawo n'kuti? Kwa ogula zitsulo?"

Anapukuta manja ndi nsanza. "Tiyeni."

Ananditengera kumapeto kwa shedi, ku mutu wachinayi, kumene alendo safikako chifukwa denga limadontha. Chogwirira chinali pomwepo, chomangidwa bwinobwino, kawotchi kali pambali pake, zonse zikuwala.

"Anthu amene anadzapaka penti sitimazi anamasula zonse n'kuponya m'bokosi limodzi," anatero. "Pobwezeretsa anangoti mkuwa ndi mkuwa. Kawotchi aka ndinakhala nako zaka zisanu ndi ziwiri pa sitima iyi, mng'alu wake suwu. Mungamuike munthu mano a mnzake?"

"Nanga bwanji osauza abwana?"

"Ndinawauza. Anati ndilembe kalata. Ine ndi cholembera tinasiyana kalekale."

Manyazi anandigwira, komabe ndinati, "Tsegulani chikwama." Munali masipanala awiri, nsanza, kabotolo ka oyilo ndi buledi wokulunga m'pepala.

Ndinafotokozera abwana monga ndinaonera, osaonjezera, osachotsa. Anapita kukaona okha, n'kutiuza kuti tiyang'ane mkuwa wonse mutu ndi mutu. Zonse zinapezeka, kupatula kachitsulo ka nambala ka mutu wachiwiri, kamene palibe ankakumbukira tsiku limene anakaona komaliza. Mlonda anati kali pakhoma kunyumba kwa a Fosholo. A Fosholo anati kanasowa iwo adakali pantchito. Ine sindikudziwa, ndipo chimene sindinaone sindinena.

Abwana analamula kuti bambowo azibwerabe, koma masipanala azisiya kwa ine pakhomo, ndipo akafuna kumasula kanthu ine ndizikhala pomwepo. Tsopano Lachitatu lililonse ndimaima pamasitepe, iwo atagwada m'katimo.

"Mayi, yaing'onoyo."

Ndimawapatsa. Akuti kwatsala timipopi titatu kuti mutu uliwonse ukhale ndi zake. Akamatuluka ndimayang'anabe m'chikwama, ndipo masiku ano amachitsegula okha ndisananene. Nsapato zija anawagulira mwana wawo wamkazi. Ndinafunsa.