Mayi a Tadala pa galasi la wadilopu

Moni nonse.

Zithunzi za mu kamera ya malemu mayi a Tadala zatuluka lero! Mukukumbukira kuti pogawa katundu wawo, kamera inagwera mlamu wanga Esnart, koma chingwe chake chinasokonekera m'matchaja a foni, sitidziwa chinapita kwa ndani. Poti Esnart akudzaitenga mawa, ndinakhala pansi n'kumangodinadina, mpaka ndinapeza kuti ili ndi wayifayi yakeyake. Nditailumikiza ku laputopu, zithunzi zinayamba kulowa chimodzichimodzi, popanda chingwe!

Tonse tilimo, ngakhale inu amalume mukuwotcha nyama. Mkazi wanga yekha ndiye mulibe, poti wojambula ankakhala iyeyo nthawi zonse.

Koma chapezeka chimodzi chomwe alimo. Ankajambula wadilopu yomwe ankaisirira kogulitsa mipando ku Glen View, ndipo akuoneka pa galasi lake akuseka, kamera itaphimba diso limodzi. Tadala, ali pamiyendo panga, analoza n'kukuwa, "Amayi abisala!" Ndinayamba ndatuluka panja pang'ono.

Amalume, apongozi, paja chithunzi choika pa chiliza tinali tisanachipeze. Ine mtima wanga uli pa chimenechi, ndi diso limodzi lomwelo. Kodi mungachilole?