Thumba la khoma linathera ku maliro

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene tinkakhala ku Ndirande, pa mtsetse wa nyumba zothinana. Yathu inali yakumunsi kwenikweni, yotsamira khoma la miyala lomwe linkagwira dothi la anzathu akumtunda. Khomalo linali ndi mng'alu, ndipo mvula ikagwa munkatuluka madzi ofiira onunkha dothi.

Eni nyumba anagwirizana zosonkha kangachepe mwezi ndi mwezi kuti adzalimangenso ndi simenti lisanagwe. Thumbalo anasungitsa a Chikopa, mkulu wa mpingo wathu, amene akapemphera anthu ankalira. Mayi anga, amasiye ogulitsa mandasi, sankaphonya, ngakhale mwezi umene ife tinkamwa tiyi wopanda shuga.

Chomwe sitinkadziwa n'chakuti maliro akagwa kumtunda, abambo okhala panja pa siwa ankagwirizana zotapa m'thumbamo, kugulira bokosi ndi kulipira galimoto yopita ndi thupi kumudzi. Azimayi amakhala m'nyumba pa maliro. Choncho mayi anga ankaimba nyimbo zotonthoza ndi mtima wonse, pamene kuseri kwa zenera thukuta lawo linkagawidwa. Aliyense wakumtunda ankadziwa. Ankatipatsa moni m'mawa uliwonse.

Mitambo itayamba kusonkhana, mayi ananditenga kukafunsa za simenti. A Chikopa anayang'ana pansi, nafotokoza zonse, kenaka anati, "Mayi, kodi tikanasiya mtembo pamphasa chifukwa cha khoma? Ambuye aona."

"Akufa mwawasunga bwino, abambo," anatero mayi. "Nanga ana angawa mwawasiyira ndani?"

Khomalo linagwa mu Januwale, masana, ine ndi mng'ono wanga tili kusukulu. Linaphwanya chipinda chomwe tinkagona. Ambuye anationadi, koma amene tinkadya nawo Mgonero wa Ambuye pa gome limodzi anangobwera ndi mapemphero, opanda ngakhale thumba limodzi la simenti. Mayi anagulitsa malowo motchipa, tinakachita lendi ku Bangwe.

Ndinawakhululukira, ngakhale zinanditengera zaka. Lero ku Machinjiri, komwe timasonkherana za mpope ndi ngalande, ndimaumirira kuti thumba la maliro likhale palokha, la zokonza palokha, ndipo lisatsegulidwe wosonkha aliyense asanamve. Ena amati ndine wouma mtima. Ine ndinaphunzira kuti chifundo chochitira m'thumba la wamasiye, mwini wake asakudziwa, Mulungu sachitcha chifundo.