Nyimbo imene ndinaimbira mkazi wanga

Ine kukalipa ndimatha, koma mawu oti "pepa" amandiima pakhosi ngati munga wa mlamba. Mkazi wanga atatopa nako kukalipako anamanga katundu n'kubwerera kwawo ku Matandani, nambala yanga n'kuitseka. Poti ndine wa kwaya, ndinalowa m'munda wa chimanga n'kujambula nyimbo yopepesa pafoni. Ndinamutchula ndi dzina lija ndinkamuitana tikakhala awiri m'nyumba. Chakumapeto ndinalira, kulira kwenikweni kofwenthera.

Vuto linali kuifikitsa. Mlamu wanga, mkulu wake wa mkazi wangayo, ankabwera paboma pa Neno ndi mafoni a pakhomo pawo, ya mkazi wanga yomwe, kudzatchaja, ndipo anavomera kundithandiza mobisa. Koma foni ya mkazi wanga inali yochokera ku Joni, ya mtundu wina, yonyada ngati mwini wake. Tinayatsa bulututhi, tinawagundanitsa mafoniwo, osaonana. Memore khadi nayo inalibe polowera.

"Kodi alamu, bwanji osangopita kukanena pakamwa?" anandifunsa.

Ndinakana. Ndinamutengera kwa bambo wina amene amaika nyimbo m'makhadi pa kompyuta, pafupi ndi msika. Analumikiza foni yanga ndi chingwe, nyimbo n'kulowa m'kompyuta. Atalumikiza ya ku Joni, inafuna nambala yachinsinsi imene mlamu sankaidziwa. Zinakanika basi.

"Nyimboyo muifufute," ndinatero.

"Musadandaule, akulu, ndafufuta kale," anayankha maso ali kwina.

Sindikhulupirira kuti anachita dala. Nyimbo yanga inagwera m'gulu la nyimbo za oimba akuno, ndipo munthu akabwera ndi khadi iye amangokokera gulu lonse osasankha.

Ndinaimva koyamba ku Lisungwi, pa njinga yamoto ya kabaza imene ndinakwera. Mawu anga, dzina lija, kenako kufwenthera. Woyendetsayo anaseka mpaka njinga kugwedezeka. "Mdala ameneyu akazi anamuonetsa zakuda, eti?" Ndinavomera kuti eedi. Ndinatsika ndisanafike, n'kumaliza ulendo wapansi. Manyazi ngati amenewo sindinawamvepo chibadwire. Lamlungu azimayi a kwaya ankandipatsa moni mwaulemu wonse, ndikangotembenuka wina n'kufwenthera. Amene ankandiwawa kwambiri ndi amene sankaseka, ongondiyang'ana mwachisoni.

Koma ine ndinali bwino. Dzina lija silinali langa ndekha. Mkazi wanga anaimva kuchigayo, pafoni ya mayi wina, anthu ali pamzere, ndipo pofika madzulo mudzi wonse unkamuitana nalo.

Ndinatsagana ndi ankhoswe kupita ku Matandani. M'njira ndinkadzilimbitsa mtima kuti, zoipa zili apo, uthenga wafika. Tinamupeza akusankha nyemba pakhonde. Ankhoswe atamaliza mawu awo, ine ndinati, "Nyimbo ija munaimva."

"Ndinaimva," anatero, osadzutsa mutu. "A kabaza anaimva, a kuchigayo anaimva. Dzina lija munagawira Neno yense, musadzandiitanenso nalo."

Ndinayamba kukanda pansi ndi kamtengo.

Anakankhira lichero pambali n'kundiyang'ana. "Anthu onse mwawapepesa, bambo. Ine ndikudikirabe."

Panalibe foni, panalibe chimanga chondibisa. Ndinatsika pampando n'kugwada pafumbi, apongozi akuona, n'kunena kuti pepa. Mkazi wanga anabwerera patapita nthawi, ndipo tili limodzi mpaka lero. Dzina lija sanandibwezere.